Musanapope tayala, dziwani kaye katundu amene lanyamula

Mwezi wathawu pagalaja pathu ku Limbe panafika bambo ena ndi galimoto ija yokhala ngati nyumba: mkati muli bedi, kabati, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi. Ulendo unali wa ku Mangochi ndi banja lonse. Anandiuza kuti matayala onse apopa 35 psi (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala), monga amachitira ndi kagalimoto kawo kopitira kuntchito. Nditagwada n'kuyang'ana tayala lakumbuyo, mimba yake inali itatuluka m'mbali ngati thumba la ufa. Nditaligwira linali lotentha, chonsecho anali atangochokera ku Namiwawa konkuno.

Chimene chimanyamula galimoto ndi mpweya, tayala ndi chosungiramo chabe. Katundu akachuluka koma mpweya uli wochepa, khoma la tayala limapindika n'kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira. Kupindikako kumabweretsa kutentha, ndipo kutenthako kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati. Simuona kanthu kunjaku. Mudzangomva phuu tsiku lina mukutsetsereka mapiri a ku Chikwawa dzuwa la Okutobala lili pamutu.

Kuti mudziwe mpweya woyenera, yambani ndi kapepala komatidwa pamphuthu pa chitseko cha dalaivala, kapena buku la galimotoyo. Nthawi zambiri pamalembedwa mpweya wa galimoto yopepuka ndi wa yodzaza, wakutsogolo ndi wakumbuyo padera. M'malo mwa psi, ena amalemba mu bar, ena mu kPa. Bar imodzi ndi 100 kPa, kapena pafupifupi 14.5 psi.

Koma galimoto yogonamo ili ndi vuto lakelake, ndipo apa m'pamene ndimalimbikira. Amene analemba kapepalako sankadziwa zimene inu mudzalongedzemo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ndi makilogalamu 100, osawerengera silinda ya gasi, mabatire, firiji, zakudya ndi anthu. Zambiri mwa izi zimatsamira kumbuyo. Choncho longedzani zonse ngati mukunyamukadi, mupite pa sikelo yoyezera magalimoto, muyeze mawilo akutsogolo paokha, akumbuyo paokha. Kungoyerekeza ndi maso kwanamiza anthu ambiri.

Kenako werengani zolembedwa pakhoma la tayala. Tayala lolembedwa 195R15C 106/104, lomwe timaliona pa maminibasi ambiri, limanyamula makilogalamu 950 likakhala lokha, ndi 900 lililonse akakhala awiri ogundizana. Koma mphamvu imeneyo limakhala nayo pokhapokha litapopedwa mpweya umene walembedwa pambali pa nambala ya katunduyo, womwe pa matayala ambiri a mtundu uwu ndi 65 psi. Tiyerekeze kuti kumbuyo kwalemera makilogalamu 1,800. Ngati kumbuyoko kuli matayala awiri okha, lililonse lasenza 900, latsala pang'ono kufika pamapeto a 950 aja. Loterolo pa 35 psi mukulizunza. Opanga matayala ali ndi matchati osonyeza mpweya woyenera pa kulemera kulikonse, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito yake ayenera kukuonetsani. Ngati kulemera kwapyola nambala ya patayala, pampu sikuthandizani. Tsitsani katundu.

Kupopa mopyola nakonso n'kolakwika: tayala limadyeka pakati, galimoto imadumphadumpha m'maenje, ndipo siigwira bwino msewu kukagwa mvula.

Yezani mpweya m'mawa, galimoto itaima maola atatu kapena kuposerapo. Tayala likayenda limatentha ndipo mpweya umakwera, zimenezo n'zachibadwa. Chimandipweteka mtima ndikaona dalaivala ataima pa Zalewa akutulutsa mpweya ati wachuluka. Tayalalo likazizira limakhala loperewera, ndipo ulendo wotsatira litentha koposa. Gulani geji yanuyanu yoyezera mpweya muziisunga m'galimoto, chifukwa za pamalo omwetsera mafuta zimagwa pansi tsiku ndi tsiku. Kumenya tayala ndi sipanala n'kumvera kulira kwake sikungakuuzeni kusiyana kwa 50 psi ndi 60 psi. Musaiwale la sipeya.

Bambo aja tinawapempha asiye galimoto igone. M'mawa mwake tinaiyeza, tinasunthira mabatire ndi zigubu zina kutsogolo, n'kupopa molingana ndi tchati. Manambalawo ndinawalembera pakapepala, iwo n'kukamata pafupi ndi chiwongolero.