Ahedi okalipa sindiwo amakhozetsa ana

Makolo ambiri amayeza mphunzitsi wamkulu ndi zooneka ndi maso: kodi ana amamuopa, bwalo ndi losesa, midadada yapentedwa? Mwambo ndi wofunika, koma mantha saphunzitsa mwana kuwerenga. Ntchito ya ahedi imafika kwa mwana kudzera mwa mphunzitsi wa m'kalasi. Mu 2008, Viviane Robinson wa ku New Zealand ndi anzake atasanthula kafukufuku wosiyanasiyana, anapeza kuti ana amapindula kwambiri pamene mtsogoleri akulimbikitsa aphunzitsi ake kusula luso lawo, iyenso akuphunzira nawo.

Apa ndiye kuti ahedi akhale kumbuyo kwa kalasi phunziro lonse, atsegule makope angapo kuona ngati amachongedwa, kenako akambirane ndi mphunzitsiyo pa awiri, chinthu chimodzi choti akonze. Akamudzudzula pamaso pa ana, mawa adzabisa zomwe zikumuvuta.

Kagawidwe ka makalasi nako kamalakwika. Aphunzitsi aluso amapatsidwa Sitandade 8 chifukwa cha mayeso a PSLCE, pomwe Sitandade 1, yodzaza mpaka pakhomo, imasiyidwa kwa aliyense. Mwana wodutsa kumeneko osadziwa maphatikizo amavutika m'phunziro lililonse lofuna kuwerenga.