Shuga si matenda a anthu olemera okha

Ambiri timaganizabe kuti shuga ndi nthenda ya mabwana onenepa a m'tauni. Si zoona. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, pafupifupi 6 anali ndi shuga, akumudzi omwe.

Kungoti kumudzi anthu sayezetsa kawirikawiri. Munthu akayamba kuonda, kumva ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, chilonda chapaphazi osapola, achibale amathamangira kunena kuti walodzedwa, mwinanso amunong'oneze za edzi. Pali mtundu wina wa shuga umene umagwira ngakhale ana oonda. Kuchipatala amangobaya chala, n'kuyeza kadontho ka magazi.