Msewu wa Chipembere, ulusi umene unasoka Blantyre ndi Limbe

Ife okonza mapulani a mizinda tikaona msewu waukulu timayamba ndi kufunsa kuti unkalumikiza chiyani. Kwa msewu wa Masauko Chipembere yankho silivuta: Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri. Blantyre inayamba mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland, pomwe Limbe inakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi fodya wa kampani ya Imperial Tobacco. Atawaphatikiza mu 1956, malo apakati, pa Chichiri, ndiwo analandira zinthu za onse: maofesi a khonsolo, Khoti Lalikulu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. N'chifukwa chake nyumba zofunika chotere simuzipeza mkati mwa tauni ya Blantyre kapena ya Limbe.

Kondakitala akamakuwa kuti "Ginnery otsika!", ndi ochepa amene amakumbukira thonje, chonsecho dzinalo linachokera ku fakitale yochotsa nthangala za thonje. Pafupi pomwepo pali chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timangoti Kwinzi, kenako sukulu ya Poly, imene lero ndi yunivesite yotchedwa MUBAS.

Koma poti muimepo ndi pa sitediyamu. Kale inkatchedwa Rangeley, ndipo m'menemo ndi mmene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964. Inadzakhala Kamuzu, kenako Chichiri m'nthawi ya a Bakili Muluzi, n'kubwereranso pa Kamuzu mu ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika. Chipilala cha ufulu chija chili chapomwepo, magalimoto akudutsa pansi pake.

Msewuwonso unasinthidwa dzina. Unali Kamuzu Highway kufikira ndale za zipani zambiri zitabwera. A Henry Masauko Chipembere anali m'gulu la achinyamata amene anaitana Dr Banda kuti abwerere kumudzi, ndipo mu 1959 anatsekeredwa nawo limodzi m'ndende ya ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ubalewo unatha pa mkangano wa Dr Banda ndi nduna zawo mu 1964. Mu February 1965 anatsogolera anthu kuukira boma kuchokera ku Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, koma anakakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Anamwalirira ku America mu 1975 osapondanso kwawo.

Chimandiwawa n'chakuti mungayende kuchokera pa Clock Tower mpaka ku Limbe tsiku ndi tsiku, dzina lawo lili pakamwa, koma ana ambiri okwera minibasi pa msewuwo sadziwa kuti munthuyu anali nduna ya zamaphunziro.