Zaka za njala za Maule, monga akuzikumbukira madala a ku Salima

Pa Kamuzu Road ku Salima pali mkangano wosatha pakati pa anthu ovala jezi imodzi, yofiira ndi yoyera. Onsewo ndi a Maule, masapota a timu ya mpira ya Big Bullets ya ku Blantyre. Anyamata a kabaza amene anayamba kutsata mpira cha m'ma 2018, Bullets ikangofanana mphamvu ndi timu ina kawiri motsatizana, amayamba kufuula kuti kochi achoke, akuluakulu achoke, timu ibwerere m'manja mwa masapota. Madala amene anaiona timuyi kuyambira nthawi ya Bata amangopukusa mitu. Iwo anaiona ili m'manja mwa masapota, ndipo sakufuna kuionanso ili choncho.

Kuti mumvetse mantha awo, yambani ndi mayina amene timuyi yakhala nawo. Inabadwa mu 1967, pamene osewera ena anachoka ku Wanderers n'kuyamba yawoyawo, ndipo uneba wa matimu awiriwa unayambira pomwepo. Kampani ya nsapato ya Bata itaitenga, inakhala Bata Bullets, dzina limene Kinnah Phiri analitchukitsa m'zaka za m'ma 1970. Kenako inakhala Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets, pamene Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, anayamba kuithandiza. Dzina linkatsata thumba. Anthu ankaitcha timu ya anthu, koma wolipira osewera nthawi zonse ankakhala wina.

Kuno ku nyanja timu ya ku Blantyre inafika pa wailesi ya MBC, komanso pa sitima. Njanji yochokera kummwera inafika ku Salima mu 1935, ndipo inkathera kuno mpaka pamene anaipitiriza kukafika ku Lilongwe mu 1979. Wopita kukagwira ntchito ku Limbe ankabwera ndi nkhani za pa Kamuzu Stadium, ndipo mwana wa m'nyumbamo ankakula akudziwa kale mbali yake.

Kuyambira 1999 mpaka 2005 Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana. Pachimake panali mu 2004. Kinnah Phiri, tsopano ali kochi, anali ndi Peter Mponda, Swadick Sanudi, Fischer Kondowe, James Chilapondwa, Robert Ng'ambi ndi Jimmy Zakazaka. Anatulutsa Zanaco ya ku Zambia, anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa, n'kukhala timu yoyamba ya m'Malawi kufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. M'gulu lawo munali Africa Sports ya ku Ivory Coast, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Enyimba ya ku Nigeria. Awiri omalizawa ndi amene anadzakumana m'ndime yotsiriza chaka chomwecho, Enyimba n'kutenga chikho. Madala akamanena kuti tinagonja kwa akatswiri enieni, sakudzitonthoza, ndi mmene zinalili.

Chaka chomwecho Muluzi anatsika pampando, ndipo sipanapite nthawi thandizo lake linatha. Ligi ya 2005 anaitenga ndi mphamvu zotsala. Kenako osewera anayamba kuwoloka mmodzimmodzi kupita ku South Africa, Mponda ndi Ng'ambi ku Black Leopards, Kinnah naye kukaphunzitsa Free State Stars. Palibe angawadzudzule. Anali ndi ana oti awadyetse.

Zotsatira zake zinali nyengo zisanu ndi zitatu popanda chikho cha ligi. Mu 2006 anatenga neba, Wanderers, imene nthawiyo inkathandizidwa ndi MTL. ESCOM United inatenga kawiri, koyamba mu 2007. Zotsalazo anakolola ndi Silver Strikers, katatu komaliza motsatizana mpaka 2013. Tayang'anani matimu amenewa. Wina kumbuyo kwake kunali kampani ya matelefoni, wina kampani ya magetsi, wina Reserve Bank. Wosewera wawo mwezi ukatha ankadziwa koyang'ana. Wa Bullets ankayang'ana pageti.

Ndalama za pageti, kwa amene sanaone mmene zimagawidwira, zimaoneka zambiri. Bwalo likadzaza, pamayamba kuchoka za mwini bwalo, za apolisi ndi olondera, za SULOM yoyendetsa ligi, za FAM yoyendetsa mpira m'dziko muno, za Sports Council, zotsalazo matimu awiri n'kugawana. Pamenepo mpamene pachokere mafuta a basi yopita ku Mzuzu, chakudya, malo ogona, mipira, nsapato ndi malipiro. Manyuzipepala a nthawi imeneyo sankatha sabata zingapo osalemba za osewera amene anyanyala kukonzekera chifukwa sanalipidwe, za ndalama zimene zasowa pageti, za komiti imene masapota aithamangitsa n'kuika ina. Komiti yatsopano inkalowa ndi malonjezo, n'kupeza ngongole za anzawo zikudikira patebulo. Chimenechi ndicho chinali kukhala m'manja mwa masapota. Aliyense anali mwini timu, koma pa tsiku lolipira mwini wake sankaoneka.

Ku Salima zowawa zake zinali zapadera, chifukwa Lilongwe ndi pafupi. Silver itayamba kupambana, jezi za mtundu wa mtambo zinachuluka m'minibasi za pa M14, ndipo ana ena a m'nyumba za Maule anatembenuka. Pali telala wina wachikulire amene amasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Zaka zonsezo Loweruka ndi Lamulungu masana ankaimitsa makina, n'kuika kawailesi pamwamba pa nsalu za eni ake. Mabatire ankawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti afikitse mphindi 90. Anthu ankadzaza pakhondepo, ena atakhala panjinga, ena pamatumba a mpunga. Chigoli chikalowa kwathu, iye sankatukwana. Ankachepetsa mawu a wailesi, n'kutenga sizasi, n'kuyamba kudula nsalu ali chete. Anyamata a Manoma, masapota a Wanderers, ankadutsa dala pamenepo n'kumafunsa mwaulemu wonse kuti, "Madala, zatha bwanji kumeneko?" Iye ankangoti, "Pitani bwino, ana anga, mudzabweranso." Kansalu kofiira kamene anamanga pa makina ake sanakachotsepo.

Ku Senga Bay asodzi ankamvera mpira akusoka chilimila pamchenga, ndipo wogonja ankanyamula mawu a anzake mpaka usiku pa madzi, kumene kulibe kothawira. Amene anali ndi kangachepe ankasonkherana kukwera matola kupita ku Civo kapena ku Silver Stadium timu ikabwera m'chigawo chapakati. Mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012, mafuta atasowa m'dziko muno, magalimoto atagona pamizere m'mafilingi, ulendo umenewu unadula kwambiri. Ena ankapitabe. Ankabwera usiku, fumbi lili mbuu, timu itagonja, n'kudzuka m'mawa kukatsegula maokala awo akudziwa kuti asekedwa ndi tauni yonse.

Chimene chinawapweteka mwina kuposa kugonja chinachitika mu Januwale 2010. Flames inagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola, patatha zaka 26 isanapiteko ku mpikisano wa mayiko a mu Africa. Kochi anali Kinnah, kaputeni Mponda, pagolo Sanudi. Tauni yonse inavina, a Maule nawo anavina, koma ankadziwa kuti akuonera timu yawo ya 2004 itavala malaya ena. Luso silinathe m'dziko. Chimene chinasowa ndi nyumba yoti n'kulisunga. Zomwezo zinabwerezeka ndi Gabadinho Mhango, mnyamata amene anadzutsa bwalo lonse ali wamng'ono, koma pofika 2013 anali atapita kale ku Bloemfontein Celtic. Kwa masapota zinali ngati kulima munda wa chimanga n'kumaona ena akukolola chikadali chachiwisi.

Fischer Kondowe yekha ndiye amatchulidwa ndi mawu ena. Anabwerera kwawo ku Bullets n'kusewera mpaka msinkhu umene anzake anali atapachika kale nsapato. Madala akati "Anong'a", dzina limene ankamutchula nalo, nkhope zimawala.

Ligi inabwerera mu 2014, n'kubweranso mu 2015, koma umphawi sunachoke ndi chikho. Mu 2015 timu inalowanso mu CAF, inatulutsa Fomboni ya ku Comoros, n'kugonja kwa Al Hilal ya ku Sudan, ndipo ulendowo unasiya ngongole zimene zinachititsa manyazi aliyense wokonda timuyi. Mpamene anthu ambiri anavomereza mumtima kuti chikondi chokha sichingayendetse timu. Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu, inayamba ndi kuthandiza, kenako inatenga timu yonse. Panali otsutsa, ndipo ena mwa iwo ankatsutsa chifukwa geti linali munda wawo. Zotsatira zake tonse tinaziona: ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023, pansi pa Kalisto Pasuwa, zikho zinayi m'chaka chimodzi. Anyamata a kabaza aja anakulira m'nthawi imeneyi. Njala sanaione.

Ine pamkanganowu ndili kumbali ya madala, ndipo sindibisa. Wofuna kuti timu ibwerere kwa masapota ayambe wanena kumene malipiro a mwezi wamawa achokere. Kudikira sikuli kwa Maule okha. Wanderers inadikira kuchokera 2006 mpaka 2017. Silver, ndi ndalama zonse za banki, inakhala kuchokera 2013 mpaka 2024, ndipo amene anaithetsera ludzu ndi Mponda yemwe uja, ali kochi. Kufanana mphamvu ndi timu ya asilikali ya MAFCO pa Chitowe ku Dwangwa, bwalo limene matimu akuluakulu ambiri asiyapo mapointi, si chifukwa chothamangitsira munthu ntchito.

Komabe madala omwewo ali ndi nkhawa imene anyamata sanaiganizire. Bata inachoka, Total inachoka, Muluzi anachoka. ESCOM United, imene inatenga ligi kawiri m'zaka zathu za njala, lero simuipeza mu Super League. Telala uja akayamba nkhaniyi amawerenga pa zala zimene timu ingatsale nazo wothandiza akadzatsanzika. Timu yachisodzera ilipo, ndipo yatulutsa osewera abwino. Masapota alipo kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Bwalo ndilo palibe. Kwa zaka zoposa 50 Bullets yakhala ikusewera pa mabwalo a eni, ndipo bwalo limene boma linalonjeza mu 2019 linaima panjira. Masewero aliwonse a pakhomo, gawo la mwini bwalo limachokabe poyamba timu isanalandire yake.