Kodi Utsi wa Vape Ndi Nthunzi ya Madzi Chabe?

Pakati pa ophunzira a m'makoleji pamamveka mphekesera yakuti chimene chimatuluka mu ndudu zamagetsi, zomwe ambiri amazitcha vape, ndi nthunzi ya madzi chabe, choncho sichingavulaze thupi. Zimenezi si zoona.

Timadzi ta m'kachipangizoka nthawi zambiri timakhala ndi nikotini, mankhwala omwe aja amene amachititsa wosuta fodya kulephera kusiya, ndipo tikatenthedwa timatha kutulutsa mankhwala apoizoni otchedwa formaldehyde komanso tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi mtovu, zomwe zimakalowa mpaka m'mapapo. Nkhani ya nikotiniyi njofunika kwambiri kwa ophunzira chifukwa ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, ndipo nikotini imasokoneza mbali zothandiza kuika maganizo pa chinthu ndi kukumbukira, zimene wophunzira amadalira polemba mayeso.

N'zoona kuti vape imatulutsa poizoni wocheperapo poyerekeza ndi ndudu yoyatsa ndi moto, ndipo mwina bodzali linachokera pamenepo. Komabe, kuchepako sikupindulitsa munthu amene sanasutepo n'kale lomwe, ndipo amene amasuta zonse ziwiri amakokabe phula ndi mpweya woipa wa m'ndudu.