Mafunso ndi mayankho pa lamulo la chojambula chimodzi pa tsiku

Chigawireni zipangizo Loweruka lapitali, foni ya mlembi wa gulu lathu la okonda kujambula sinapume. Ena mwaimba, ena mwalemba pa WhatsApp pakati pa usiku, ndipo ena munalawirira kunyumba kwa msungichuma ku Chibavi kukafunsa chifukwa chimene dzina lanu silinali pa mndandanda wa olandira mapepala ndi mapensulo. Ife a komiti takhala pansi n'kusonkhanitsa mafunso amene akubwera kawirikawiri. Chonde werengani zonse musanaimbenso. A m'komiti tonse ndife anthu apantchito ndi ageni ngati inu nomwe, ndipo palibe amene amalandira kangachepe pa ntchito ya gululi.

Kodi lamuloli likuti chiyani kwenikweni?

Membala aliyense ajambule chinthu chimodzi pamanja tsiku lililonse, alembe deti pakona ya pepala, achitole ndi foni n'kutumiza pa gulu lathu la WhatsApp nthawi isanakwane 10 koloko usiku.

Ndani angalowe?

Aliyense wokhala mu Mzuzu ndi madera oyandikira. Osakwana zaka 18 abwere ndi kholo tsiku loyamba.

Ndinasonkha ndalama yonse ya mwezi. Bwanji sindinalandire zipangizo mofanana ndi anzanga?

Funso ili ndi limene latisowetsa tulo, ndiye tiyankha mofatsa. K3,000 imene aliyense amasonkha pa mwezi timaiphatikiza n'kugula zinthu mopikula: marimu a mapepala a A4, mapensulo a HB, 2B ndi 6B, marabala, nthawi zina inki. Rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500, ndipo kugula motere kumatchipa kusiyana ndi kuti aliyense azigula pepala limodzilimodzi pa okala. Pa msonkhano woyamba tinagwirizana kuti wolandira gawo lonse ndi amene watumiza zojambula za masiku 25 kapena kupitirira pa mwezi. Amene wafika masiku 15 koma osakwana 25 amalandira theka. Amene sanafike 15 salandira kanthu mwezi umenewo.

Ena mwanena kuti kumeneku n'kulanda ndalama za anthu. Mawu amenewa atipweteka, ndipo sitikuwavomereza. Gawo limene simunalandire siligulitsidwa, siliperekedwa kwa wina, ndipo silipita kunyumba kwa wa m'komiti. Limalembedwa m'kaundula pa dzina lanu, ndipo mukakwanitsa masiku 25 mwezi wotsatira mumalandira zonse pamodzi. Chifukwa chimene tinachitira zimenezi n'chakuti miyezi yoyambirira tinaona mapepala a gulu akukutira mabuku a ana a sukulu, ena akulembapo ngongole za pa geni, eni ake osajambulapo ngakhale kamzere kamodzi. Amene ankajambula tsiku ndi tsiku mapepala ankawathera mwezi uli pakati.

Komabe tikuvomereza kuti amene analowa gulu msonkhano uja utapita sanafotokozeredwe bwino lamuloli. Ena anangouzidwa nambala yotumizirako ndalama basi. Pamenepo tinalakwitsa. Amene mwalowa m'miyezi iwiri yapitayi ndipo simunauzidwe, onanani ndi mlembi kuti nkhani yanu tiione payokha. Sitikulonjeza kuti aliyense alandira gawo lonse, koma palibe amene tim'bweze osamumva.

Nanga ndikafuna kutuluka, ndalama yanga mundibwezera?

Ndalama ya mwezi umene tisanagule zinthu tikhoza kubweza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuchotsapo yotumizira. Ya miyezi imene tinagula kale sitingabweze ngati ndalama, chifukwa inasanduka mapepala. Mutenga gawo lanu lolembedwa m'kaundula.

Ndinali pa maliro kumudzi sabata yathunthu. Zoona komiti inawerenga masiku amenewo ngati ndajomba?

Zinachitikadi kwa anthu awiri, ndipo sizinayenera kutero. Mmodzi anali ku Mzimba, wina anali kudwazika mwana kuchipatala. Amene ankawerengera masiku anangotsata kaundula osafunsa. Tapepesa kwa onse awiri pamaso ndipo gawo lawo tawapatsa. Kuyambira tsopano masiku a maliro, matenda anu kapena a amene mukum'dwazika sawerengedwa ngati kujomba, bola mudziwitse mlembi mukangopeza mpata, ngakhale kudzera mwa mnzanu. Sitifuna kalata ya kuchipatala kapena ya kwa amfumu. Tikukhulupirira mawu anu. Tingopempha kuti chikhulupiriro chimenechi tisachiseweretse, chifukwa tikayamba kukayikirana pa nkhani ya maliro ndiye kuti gulu latha.

Ndinajambula, koma bando inatha, kapena foni inazima magetsi atathima. Ndiye kuti tsikulo lapita?

Ayi, ngati deti munalemba pa pepala. Bweretsani kope lanu Loweruka tikakumana, mlembi aona n'kukonza kaundula. Vuto limene tili nalo n'lakuti ena akubwera ndi mapepala opanda deti, ena deti lolembedwa ndi bolopeni imodzimodzi pa masamba asanu ndi awiri mooneka kuti linalembedwa nthawi imodzi. Sitikufuna kusanduka apolisi, ndipo sitingathe kutsimikiza chilichonse. N'chifukwa chake tikulimbikitsa kope lomata m'malo mwa mapepala omwazika: masamba ake amatsatana okha, ndipo mkangano sukhalapo. Malire amene taika ndi masiku asanu pa mwezi otumiza mochedwa. Kupitirira pamenepo komiti iyenera kukambirana kaye.

Bwanji osandilola kujambula zisanu ndi ziwiri Lamlungu, poti ndiye tsiku limene ndimapuma?

Apa sitisintha. Gulu lino silinayambe kuti tiunjike zithunzi. Linayamba chifukwa ambiri mwa ife tinkajambula tili ku pulayimale, kenako ntchito, banja ndi mavuto zinatilanda pensulo, n'kukhala zaka khumi tikungonena kuti tidzayambiranso tikadzapeza nthawi. Nthawi yaikuluyo sinabwere. Imene imapezeka ndi mphindi khumi mukudikira madzi a tiyi kuti awire, kapena muli pa depoti minibasi ya ku Nkhata Bay isanadzaze. Dzanja ndi diso zimazolowerana mwa kubwereza pafupipafupi, monga mmene mwana amaphunzirira kupalasa njinga. Munthu amene wakhala masiku asanu ndi limodzi osagwira pensulo, Lamlungu amayamba ndi dzanja louma, ndipo zojambula ziwiri zoyamba zimangothera kufewetsa zala. Komanso taona kuti amene amadikira Lamlungu, likangobwera Lamlungu la ukwati kapena la zinkhoswe amadumpha, kenako sabata ziwiri, kenako sitimuonanso.

Ngati tsiku lakupanikizani, jambulani kapu imene ili patebulo, kiyi wa nyumba, chala chanu chachikulu. Mphindi zisanu zikwana ndipo tsikulo liwerengedwa.

Kodi komiti imaona kukongola kwa chojambula?

Ayi. Timawerenga masiku okha.

Kodi zojambula tsiku lililonsezi ndi nzeru za komiti, kapena zimachitikanso kwina?

Zimachitika kwina konse. Chitsanzo chodziwika ndi Inktober, imene anayambitsa wojambula wa ku America, Jake Parker, m'chaka cha 2009 pofuna kukulitsa luso lake lojambula ndi inki. Mwezi wa Okutobala anthu a m'mayiko ambiri amajambula chithunzi chimodzi pa tsiku, zonse pamodzi 31, n'kumaika pa intaneti. Ife tinangoona kuti mwezi umodzi pa chaka sutikwanira, n'kuonjezapo zosonkha chifukwa kuno mtengo wa zipangizo ndi umene umagwetsa ulesi anthu ambiri.

Mawu oti kujambula amatanthauzanso kutola chithunzi ndi foni. Ndikatumiza chithunzi cha foni chiwerengedwa?

Sichiwerengedwa, ndipo tikupepesa kuti uthenga wathu woyamba unangoti kujambula osamasulira. Pali amayi ena amene anatumiza zithunzi zokongola za nkhungu ya m'mamawa ku Katoto masiku khumi otsatizana, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akutsata lamulo. Masiku awo tinawawerengera chifukwa kulakwa kunali kwathu. Tsopano zamveka: tikunena chojambula pamanja.

Amene amajambula ndi chala kapena kapensulo pa foni ndi pa tabuleti, nkhani yawo inatigawanitsa m'komiti momwe. Tagwirizana kuti ziwerengedwe, poti dzanja ndi limene likugwira ntchito, koma kawiri pa sabata ajambulenso papepala, apo ayi gawo la mapepala alandiriranji? Zithunzi zimene kompyuta yapanga yokha munthu atangoilembera mawu siziwerengedwa konse. Kudinda, kutanthauza kuika pepala pamwamba pa chithunzi china n'kumatsata mizere, tikulola kwa oyamba kumene mwezi woyamba wokha, ndipo alembe pansi kuti adinda.

Gawo langa latha ndipo ndilibe ndalama yogulira zina. Ndisiye?

Musasiye. Bolopeni wamba imajambula bwino kwambiri, ndipo poti siifufutika imaphunzitsa munthu kuyang'anitsitsa asanalembe mzere. Khala la pa mbaula ndi chida chenicheni cha ojambula, makamaka la mtengo wofewa. Kuseri kwa kalendala yakale, katoni ya sopo, envelopu yotha ntchito, zonsezi tikulandira. Khofi wotsala m'kapu amapaka mtundu wofiirira wokoma papepala, ndipo kuno kwathu khofi sasowa. Amene anafikako ku Chongoni, ku Dedza, akudziwa zimene tikunena. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira zakale kwambiri ndi zoyera za dothi zimene anajambula Achewa, ndipo UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika derali pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Anthu amene anajambula zimenezo analibe sitolo ya mapensulo.

Chenjezo limodzi: makala amafufutika mukangotseka kope. Ikani pepala lopyapyala pakati pa masamba. Ndipo poti Mzuzu ndi wachinyontho, mvula n'kumawaza mpaka miyezi imene kwina kwauma kale, musasunge mapepala pansi kapena mogunda khoma. Aikeni m'jumbo, pamwamba, kuti asachite chuku.

Bwanji chosonkha chinakwera, pamene poyamba munati sichidzasintha chaka chonse?

Sitinanene kuti sichidzasintha, tinati tiyesetsa. Mapepala, mapensulo abwino ndi inki zambiri zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mitengo yake imakwera nthawi yomweyo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chichokereni nthawi imeneyo mitengo ya m'masitolo sinabwererenso m'mbuyo. Tikanasiya chosonkha pamene chinali, gawo la munthu mmodzi silikanafika masiku khumi. Malisiti onse ali ndi msungichuma, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu kuwaona Loweruka lililonse osapereka chifukwa.

Ine ndimalemba zikwangwani ndi kujambula m'makoma a masitolo. Zimene ndajambula pantchito ziwerengedwa?

Ndinu olandiridwa, ndipo achinyamata aphunzira zambiri kwa inu, makamaka kasakanizidwe ka penti. Koma ntchito imene kasitomala walipira siiwerengedwa. Tumizani chimene mwajambula mwa kufuna kwanu.

Chojambula changa chinaikidwa pa Facebook popanda dzina langa. Mwini wake ndi ndani, ine kapena gulu?

Mwini wake ndinu. Kutumiza pa gulu sikupereka umwini kwa komiti kapena kwa membala wina aliyense. Lamulo la dziko lino loteteza ntchito za aluso, la m'chaka cha 2016, limakhudzanso zojambula, ndipo bungwe loona za nkhani zimenezi ndi COSOMA. Amene mukuganiza zoyamba kugulitsa ntchito zanu mungachite bwino kukafunsa kumeneko, chifukwa ife si akatswiri a malamulo ndipo sitikufuna kukusocheretsani.

Pa chimene chinachitikacho: amene anaika chithunzicho ndi mmodzi mwa ife a m'komiti, pofuna kukopa anthu atsopano. Cholinga chinali chabwino koma sanapemphe, ndipo dzina la mwini wake linadulidwa pokonza chithunzicho. Chachotsedwa. Kuyambira lero chojambula cha membala sichituluka pa gulu mwini wake asanavomere polemba, ndipo chikatuluka chituluke ndi dzina. Lamuloli likumanga mamembala onse, osati komiti yokha.

Ndingajambule anthu mumsika kapena a kabaza pa siteji?

Pemphani kaye, ndipo mukamaliza aonetseni. Ambiri amakondwera, ena amapempha kuti atenge pepalalo. Wokana musam'kakamize, ndipo ana a eni musawajambule makolo awo palibe. Membala wina anazunguliridwa ndi anthu mumsika waukulu chifukwa ankayang'anitsitsa mayi wogulitsa tomato n'kumalemba m'kope osanena kanthu. Anthu anaganiza zina. Zinatha bwino ataonetsa kopelo, koma gulu silingakuyankhireni zikavuta.

Ndikadali ndi dandaulo. Ndipite kwa ndani?

Lemberani mlembi kumbali, osati pa gulu, ndipo tchulani mwezi ndi masiku amene mukuona kuti sanawerengedwe bwino. Komiti imakumana Loweruka loyamba la mwezi tikatha kujambula, ndipo mudzayankhidwa pasanathe sabata kuchokera tsikulo. Ngati dandaulo likukhudza mlembiyo, lipite kwa wapampando. Kunyumba kwa msungichuma chonde musapitenso m'mamawa. Kaundula sakhala kumeneko, amakhala ndi mlembi.