Malikisi a GAD-7 si chiphaso chogulira mapilisi

Abale, zoti munthu azibwera foni ili m'manja n'kumati "adokotala ndapeza 16 pa intaneti, ndilembereni mapilisi a nkhawa" zanditopetsa. Fomu ya mafunso a nkhawa imene amalembayo, yotchedwa GAD-7, imangoyeza kukula kwa zizindikiro, siinena chomwe chikuyambitsa.

GAD-7 anaitulutsa a Spitzer ndi anzawo mu 2006. Mafunso ndi 7 okha, onse okhudza masabata awiri apitawa, kudandaula kosaleka, kulephera kukhazikika, kupsa mtima msanga, mantha oti china chake choopsa chichitika. Funso lililonse mumapatsa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 21. Kuyambira 5 timati nkhawa ndi yochepa, 10 yapakatikati, 15 yaikulu. Mukafika 10 ndiye kuti tikhale pansi tifufuze bwinobwino, basi. Koma fomu ina yoyezera nkhawa, ya Hamilton ya 1959, musayerekeze n'komwe kudzilembera nokha, ili ndi mbali 14 ndipo amadzaza ndi dokotala akukufunsani, uku akuona mmene mwakhalira pampando komanso mmene manja akuchitira.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, thukuta, tulo osabwera, akuonda koma akudya bwinobwino. Malikisi okwera ndithu. Wina wodzitcha katswiri anangoona nambalayo n'kumugulitsa mapilisi okhazika mtima pansi otchedwa diazepam osamuyeza olo magazi, mayiyo n'kumamwa miyezi. Atafika kwa ife tinapeza kuti chithokomiro chikugwira ntchito mopitirira muyeso. Pofika apo n'kuti mtima utayamba kale kugunda mosokonekera, thupi nalo litazolowera mapilisi aja moti sitikanamusiyitsa tsiku limodzi, tinachita kumachepetsa pang'onopang'ono. Kungomugwira pakhosi ndi kutenga magazi koyambirira kuja bwenzi zonsezi kulibe. Khofi wambiri, kusiya mowa mwadzidzidzi, ngakhale mankhwala ena a mphumu, zonsezi zimakwezanso malikisi.

Ena ndiye amalemba 0 paliponse chifukwa cha manyazi pomwe usiku sakugona. Fomu sidziwa kuti mwanama.

Ife timaikonda poona ngati chithandizo chikugwira, munayamba ndi 17, patapita masabata angapo muli pa 9, ndiye kuti tikuyenda. Koma dziwani kuti pa mafunso 7 aja palibe lofunsa za maganizo ofuna kudzipha. Ngati maganizo amenewo akukubwererani, olo mutapeza 3, pitani kuchipatala lero lomwe ndipo mukanene poyera, musadikire kuti wina akufunseni.